Fumbi la Golide ndi Dontho la Magazi: Mmene Kuyeza Mavayirasi Kunafikira Kumudzi

Nthomba sinkafuna makina kuti anthu aizindikire. Mwana akatentha thupi masiku angapo, kenako matuza n'kubuka kumaso, m'manja ndi kumapazi, agogo a pamudzi ankangoyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti mliri walowa. Wopulumuka ankatsala ndi zipsera kumaso moyo wake wonse, ena n'kuchita khungu. M'zaka za m'ma 1960 boma linalemba anyamata oyenda m'midzi kubaya katemera, ndipo kufufuza kwawo odwala kunali kwa maso ndi pakamwa basi: kufika kwa amfumu, kupereka moni, kufunsa ngati pamudzi pali wa matuza. Malawi anaona nthomba komaliza mu 1971, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti nthendayi yatheratu padziko lonse. Ntchito ya anyamata a katemera aja inasanduka yolimbana ndi kolera mliriwo utabuka mu 1973, kenako n'kukhala ya alangizi a zaumoyo amene lero timakumana nawo pa njinga, atavala yunifomu ya buluu.

Nthomba inagonja chifukwa sinkatha kubisala. Aliyense wokhoza kupatsira mnzake ankaonekera poyera. Mavayirasi amene atisautsa chichokereni pamenepo ndi a khalidwe lina: munthu amayenda nako kachirombo zaka zisanu kapena khumi ali wonenepa bwinobwino, akulima, akukwatira, akubereka. N'chifukwa chake mbiri ya zaumoyo ku Kasiya, Nsaru, Kabudula, Nambuma mpaka Namitete m'zaka 40 zapitazi, mbali yake yaikulu ndi nkhani ya mmene yankho la magazi linasendera pang'onopang'ono kuchoka m'malabotale a mumzinda kudzafika pa benchi ya chipatala chaching'ono. Ndipo chimene chinalinyamula yankholo ndi fumbi la golide losaoneka ndi maso.

Vayirasi yoyamba kudziwika padziko lonse inapezeka mu mbewu imene dera lino limaidziwa kuposa ina iliyonse, fodya. Mu 1892 Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anafinya masamba a fodya wodwala nthenda ya mawangamawanga, n'kusefa madziwo m'sefa yosadutsa bakiteriya aliyense. Madzi osefedwawo anadwalitsabe fodya wabwino. Mu 1898 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anabwereza ntchitoyo n'kunenetsa kuti chodwalitsacho si bakiteriya, koma chinthu china chimene chimachulukana m'maselo amoyo okha. Onse awiri anamwalira asanachione. Chinadzaoneka mu 1939 ku Germany, akatswiri atapanga makina oonera zinthu ndi ma elekitironi m'malo mwa kuwala: timitengo tolunjika, totalika ma nanomita 300, m'lifupi 18. Nthawi imeneyo n'kuti fodya atazika kale mizu kuno, kuyambira pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace anatsegula esiteti ya Mbabzi cha m'ma 1920 n'kuyamba kugawa mbewu kwa alimi a m'midzi. Bambo woona chikopa chake chikuchita mawanga, ndi mayi woona mtedza wake utapinimbira ndi kadukutu, onsewa ankalimbana ndi mavayirasi, koma chida chawo chinali kuzula ndi kutaya.

Kuti timvetse chifukwa chake maso analephera, tiyenera kuudziwa muyezo umenewu. Tengani milimita imodzi ya pa rula ya mwana wa sukulu, muigawe m'zidutswa miliyoni imodzi. Kachidutswa kamodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa ma nanomita pafupifupi 80,000. Kachirombo ka HIV ndi ka ma nanomita 120 okha. Maikulosikopu ya mu labotale ya chipatala, ija amaonera tizirombo ta malungo m'magazi ndi ta TB m'makhololo, siingaonetse bwino chinthu chochepera ma nanomita 200. Woyeza angakhale ndi maso akuthwa chotani, HIV sangaione pamenepo. Luso lopanga ndi kugwiritsa ntchito tinthu ta pakati pa nanomita imodzi ndi 100 ndi limene amati nanotekinoloje, ndipo mwayi wake ndi wakuti tinthu timeneti ndi ta msinkhu umodzi ndi mavayirasi.

Wodwala Edzi woyamba ku Malawi anadziwika mu 1985, patangopita zaka ziwiri akatswiri a ku Institut Pasteur ku Paris atapeza kachiromboko. Ulamuliro wa Kamuzu Banda sunkalola kuti nkhani zogonana zikambidwe poyera, motero m'midzi anthu anabwerera ku njira imene inawathandiza pa nthomba: kuyeza ndi maso. Kuwonda, kutsekula m'mimba kosalekeza, mashingozi, tsitsi lopepuka, milomo yofiira. Ena ankati ndi kanyera, ena tsempho, ena n'kumanong'onezana kuti ndi kaliwondewonde kapena matenda a boma. Kuyeza kumeneku kunapweteka anthu mbali ziwiri. Mayi wowonda ndi TB kapena ndi njala ya mu Febuluwale ankasalidwa pa chitsime popanda mlandu, pomwe mwamuna wonenepa wobwera ndi ndalama za fodya kuchokera ku okushoni ku Kanengo ankayesedwa wabwinobwino. Maukwati anatha chifukwa cha zongoganizira, ndipo ena anamangidwa pa zongoganizira zomwezo.

Njira yoyezera magazi inalipo. Mu 1985 momwemo ku America anavomereza njira ya ELISA, ndipo m'zaka zotsatira inafika m'zipatala zazikulu za kuno, makamaka poyeza magazi opatsa odwala. Koma ELISA ndi ya mumzinda. Imafuna magazi otengedwa mumtsempha, firiji yosungira mankhwala, magetsi osathimathima, makina owerengera ndi katswiri wa labotale. Mbale yake ili ndi timaenje 96, choncho woyeza amadikira kuti magazi a anthu achuluke asanaiyambe. Munthu wa ku Kasiya wofuna kudziwa za m'thupi mwake ankayenera kupeza ya matola, kutsata msewu wafumbi mpaka mumzinda, kupereka magazi, n'kuuzidwa kuti abwerenso pakatha sabata ziwiri. Ulendo wachiwiri unali wa ndalama zina, ndipo mankhwala kunalibe. Ambiri sankabwerera. Ine sindiwaona kulakwa: kugulitsa nkhuku kuti ukamve uthenga wa imfa umene palibe angauchitire kanthu, ndi anthu ochepa amene angapirire.

Zinthu zinatembenuka mu 2000, pamene bungwe loyeza magazi la MACRO linayamba kuyeza ndi timapepala topereka yankho tsiku lomwelo. Chiwerengero cha okayezetsa m'malo ake chinakwera kangapo m'chaka chimodzi, ma ARV aulere asanabwere n'komwe. Zimenezi zinasonyeza kuti anthu sankathawa kudziwa monga mmene ambiri ankanenera. Chimene chinkawagwetsa ulesi ndi sabata ziwiri zija ndi ulendo wachiwiri uja.

Timapepalato tinachokera kutali. Mu 1857 Michael Faraday, ku London, anasungunula golide m'mankhwala n'kumubweza kukhala tinthu tating'onoting'ono toyandama m'madzi, ndipo madziwo anafiira. Golide amene timamudziwa ndi wachikasu, koma akachepetsedwa kufika ma nanomita makumi ochepa amameza kuwala kobiriwira n'kuoneka wofiira. Aroma anali atagwiritsa kale ntchito zimenezi osadziwa chifukwa chake: chikho chagalasi chotchedwa Lycurgus Cup, cha m'zaka za m'ma 300, chimene chili ku British Museum, chimaoneka chobiriwira koma chimafiira kuwala kukadutsa mkati mwake. Patapita zaka zoposa 100 kuchokera pa ntchito ya Faraday, golideyu anapeza ntchito yatsopano. Mu 1971 W. Page Faulk ndi G. Malcolm Taylor anasonyeza kuti pa tinthu ta golideti mukhoza kumatapo ma antibody, asilikali a m'magazi amene thupi limapanga kuti agwire mdani mmodzi yekha. Apa golide anakhala chizindikiro: kulikonse kumene msilikaliyo wagwira, pamafiira. Pofika 1988 kampani ya Unipath ku Britain inatulutsa kachipangizo koyezera mimba kodonthezera mkodzo n'kudikira mzere, ndipo kapangidwe komweko n'kamene kanatengedwa pa HIV, pa malungo, pa chindoko, pa matenda a chiwindi, kenako pa korona.

Tiyeni tilowe m'kachipinda ka aphungu pa chipatala chilichonse cha m'dera lino, tione pafupi. Atatha kucheza nanu, amavala magulovu, kupukuta chala chanu ndi thonje la sipiriti, n'kubaya ndi kasingano kogwira ntchito kamodzi. Amatapa magazi ndi kachubu kopyapyala, kuwadontheza kumapeto kwa kapepala ka Determine, kuwonjezera dontho limodzi la madzi a m'kabotolo, n'kutchera wotchi mphindi 15. Magaziwo amakwera okha m'kapepalamo monga palafini akwerera m'chingwe cha koloboyi. Poyamba amadutsa pa kansalu pamene panaumitsidwa tinthu tofiira tambirimbiri, kalikonse katakutidwa ndi tizidutswa tofanana ndi khungu la HIV, topangidwa m'fakitale, tosadwalitsa munthu. Ngati m'magazi mwanu muli asilikali olimbana ndi HIV, amagwira tizidutswato n'kuyenda nato. Kutsogolo kuli mzere wosaoneka pamene panamatidwa tizidutswa tina ta mtundu womwewo. Asilikali aja akafika pamenepo amagwiranso, n'kuima, ndipo tinthu tofiira timene anyamula timaunjikana mpaka diso liona mzere. Mzere wina, wa kumtunda, umatuluka kwa aliyense. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti madziwo ayenda bwino. Mzere umodzi, mulibe. Mizere iwiri, aphungu amatsegula choyezera china cha kampani ina, Uni-Gold, chimene chimawerengedwa pakatha mphindi 10.

Mu Uni-Gold tinthu tofiirato ndi ta golide, ndipo m'zoyezera zambiri za mtundu umenewu kukula kwake ndi ma nanomita 40 kapena kuyandikira pamenepo. Mu Determine ndi ta seleniyamu, koma kagwiridwe ka ntchito ndi kamodzi. Golide sachita dzimbiri ndipo mtundu wake susuluka, motero zoyezerazi zimasungika miyezi yambiri popanda firiji, bola kutentha kusapitirire madigiri 30. Wolowa m'choyezera chimodzi ndi wochepa kwambiri moti mtengo wa kapepalako pogula zambiri ndi pafupifupi dola imodzi. Magetsi safunika, katswiri wa digiri safunika. Pa zonse zimene anthu amatchula ponena za nanotekinoloje, ine sindikudziwa china chimene chapulumutsa Amalawi ambiri kuposa kapepala kameneka, ngakhale kuti amene amakagwira tsiku ndi tsiku sakatchula ndi dzina lalikululo.

Malire a madigiri 30 aja si nkhani yaing'ono. Aliyense amene analowapo m'kachipinda kosungira katundu kofoleredwa ndi malata opanda siling'i mu Okutobala adziwa kutentha kwake. Choyezera chimene chakhala pa kutentha kotere, kapena chimene chawerengedwa wotchi isanalire chifukwa mzere wa anthu panja watalika, chikhoza kunama. Golide salakwa, koma amadalira munthu womusunga ndi womuwerenga.

Kapepala kanafika nthawi yabwino. Mu Febuluwale 2004, pokhazikitsa ndondomeko ya dziko yolimbana ndi Edzi, Pulezidenti Bakili Muluzi ananena poyera kuti m'bale wake anamwalira ndi nthendayi. Mu Juni chaka chomwecho ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma ndi ndalama za Global Fund, ndipo zipatala za mishoni monga St Gabriel ku Namitete, chimene masisitere a chipani cha Carmel ochokera ku Luxembourg anachitsegula mu 1959, zinalowa nawo m'ntchitoyi. Kuyezetsa tsopano kunali ndi phindu looneka: anthu amene achibale anali atayamba kuwalira anadzuka n'kubwerera kumunda. Mu Julayi 2006 dziko linachita sabata yoyamba yoyezetsa magazi, ndipo anthu pafupifupi 97,000 anabayitsa chala m'matenti, m'masukulu ndi m'mabwalo a mafumu. ELISA sikanatha kuchita zimenezi m'sabata imodzi.

Pamene kapepala kanasenza katundu wolemera koposa ndi mu Julayi 2011. Malangizo a nthawi imeneyo ankati mayi woyembekezera wopezeka ndi kachirombo ayezedwe kaye chitetezo cha m'thupi, chija amati CD4, kuti adziwe ngati ayambe mankhwala a moyo wonse. Koma makina a CD4 anali m'zipatala zochepa, ankafa kawirikawiri, ndipo amayi ambiri ankachira zotsatira zisanabwere. Unduna wa Zaumoyo unaganiza zimene dziko lina lililonse linali lisanachitepo: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachirombo ayambe ma ARV, osadikira makina. Njirayi inatchedwa Option B+, ndipo patapita nthawi yochepa WHO inailimbikitsa kwa mayiko ena. Tanthauzo lake ku sikelo ya ku Kabudula kapena ku Nambuma linali lakuti mayi wobwera m'mawa pa kabaza akhoza kubwerera masana ali ndi botolo la mankhwala m'chitenje. Chigamulo cha moyo wonse chinatsamira pa mizere iwiri, n'chifukwa chake malamulo anati munthu ayezedwenso asanayambe kumwa, ndipo m'zaka zaposachedwa, potsatira malangizo a WHO a mu 2019, pawonjezeredwa choyezera chachitatu chotsimikizira. Mu 2015 kunabwera gulu la antchito olembedwera kuyeza kokha, kuti anamwino ndi alangizi a zaumoyo apepukidwe.

Malawi anatsogoleranso pa kudziyeza wekha. Kafukufuku wa ku Blantyre wa mu 2010, wotsogoleredwa ndi Augustine Choko ndi Elizabeth Corbett, anasonyeza kuti anthu wamba amatha kudziyeza molondola ndi OraQuick, kachipangizo kopaka m'nkhama n'kukaviika m'kabotolo mphindi 20. M'kati mwake mulinso golide yemweyo. Patapita zaka zingapo zoyezerazi zinayamba kugawidwa m'midzi, ndipo kumapeto kwa 2016 WHO inavomereza njirayi. Amene anapindula kwambiri ndi abambo, amene ambiri amaona chipatala ngati malo a amayi ndi ana ndipo safuna kuti aneba awaone pa benchi ya aphungu. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse okhala ndi kachirombo, 88 ankadziwa kale. Mu 1995 chiwerengero chotere sichikanalotedwa n'komwe.

Komabe kapepala kali ndi pamene kamalekeza, ndipo pamenepo ndi pamene mtunda wakale uja udakalipo. Sikaona kachirombo kenikeniko. Kamaona asilikali amene thupi lapanga. Munthu wotenga kachirombo sabata yatha asilikaliwo sanapangike, choncho amatuluka ndi mzere umodzi pa nthawi imene ali wopatsira kwambiri. Khanda nalo limabadwa ndi asilikali a mayi ake, amene amatha kukhala m'magazi mwake mpaka miyezi 18, motero mizere iwiri pa khanda siinena ngati ilo lili ndi kachirombo. Pamafunika njira ya PCR, imene Kary Mullis anaitulukira mu 1983, yochulukitsa chibadwa cha kachirombo kenikeniko mpaka makina achione. Mwana akakwana sabata 6, namwino amabaya kachidendene, kudontheza magazi m'timabwalo tisanu ta pa khadi, kuumitsa pamthunzi, kuika mu envelopu, n'kudikira wa njinga yamoto wopita nazo ku labotale. Kwa zaka zambiri zotsatira zinkatenga sabata zingapo, nthawi zina miyezi, pomwe khanda lobadwa ndi kachirombo lopanda mankhwala lili pa ngozi yaikulu m'miyezi yoyambirira yomweyo. Kuyeza kuchuluka kwa kachirombo m'magazi a amene akumwa ma ARV nakonso kumayenda ulendo womwewo.

Poyesa kufupikitsa mtundawu, dera lino linathandiza dziko lonse lapansi. Mu 2008 mnyamata wina wa pa yunivesite ya Stanford, Josh Nesbit, anabweretsa mafoni akale 100 ndi laputopu imodzi pa St Gabriel, n'kuwagawira anthu odzipereka a m'midzi kuti azitumiza mauthenga a odwala m'malo mopalasa njinga makilomita ambirimbiri. Ntchito yoyambira ku Namitete imeneyi inakula kukhala bungwe la Medic Mobile, limene mapulogalamu ake akugwira ntchito m'mayiko ambiri. Mu Malichi 2016 boma ndi UNICEF anayesa kunyamula makhadi a magazi a makanda pa tindege topanda woyendetsa kupita ku labotale ya chipatala cha Kamuzu Central, ndipo mu 2017 anatsegula malo oyesera tindegeti ku Kasungu. Makina a GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu 2010 poyeza TB, anayamba kugwiritsidwanso ntchito pa magazi a makanda m'zipatala zina, n'kupereka yankho m'maola ochepa. Zonsezi n'zothandiza, koma foni ndi ndege zimangofulumizitsa ulendo, ndipo GeneXpert imafuna magetsi ndi chipinda chozizira.

Miliri iwiri, wa korona ndi wa poliyo, inaonetsa kusiyanaku poyera. Odwala korona oyamba, atatu, analengezedwa ku Lilongwe pa 2 Epulo 2020, ndipo m'miyezi yoyambirira kuyeza kunali kwa PCR m'malabotale owerengeka. Mu Januwale 2021, mwezi umene nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, anthu ambiri a kumudzi ankangoti ndi chimfine chachikulu n'kufukiza bulugamu. Timapepala ta korona, timene WHO inayamba kutivomereza mu Seputembala 2020, tinasintha zimenezi titafika m'zipatala zing'onozing'ono. Ito timagwira puloteni ya kachirombo kenikeniko kuchokera m'mphuno, ndipo mzere wake ndi wa golide yemwe uja. Poliyo ndiye analibe kapepala. Mtsikana wa zaka zitatu wa ku Lilongwe anapuwala mu Novembala 2021. Chimbudzi chake chinapita kukayezedwa ku South Africa, kenako ku Atlanta ku America, ndipo boma linalengeza mliri pa 17 Febuluwale 2022. Kachiromboko kanapezeka kuti ndi ka mtundu wochokera ku Pakistan. Kudziwa zimenezi kunali kofunika, koma panadutsa pafupifupi miyezi itatu, ndipo poliyo amafala mwakachetechete mwa ana ambiri osapuwala.

Akatswiri akuyesa kuti mphamvu ya PCR ilowe m'kapepala. Mu 2012 gulu la Molly Stevens ku Imperial College London linasonyeza njira imene tinthu ta golide timamera m'madzi oyezerawo: pakakhala puloteni ya HIV yotchedwa p24, ngakhale yochepetsetsa, timabwatana ndipo madzi amakhala a buluu, ikasowa amafiira. Puloteni imeneyi imaoneka m'magazi asilikali asanapangike. Mu 2020 gulu la Rachel McKendry ku University College London linaika tizidutswa ta dayamondi towala m'malo mwa golide, ndipo mu labotale kapepalako kanazindikira zinthu zochepa kuwirikiza kambirimbiri kuposa ka masiku onse. Palinso MinION, kachipangizo kokwana m'dzanja ka kampani ya Oxford Nanopore, kamene kamadutsitsa chibadwa cha kachirombo pa tibowo ta ma nanomita ochepa n'kuwerenga kusintha kwa magetsi. Kanagwira ntchito ku Guinea pa mliri wa Ebola mu 2015, kanayesedwa m'minda ya chinangwa ku Tanzania, Uganda ndi Kenya, ndipo ofufuza a ku Blantyre anakagwiritsa ntchito potsata mitundu ya korona.

Nkhani zoterezi ndimaziwerenga ndi chiyembekezo, koma funso langa ndi la aphungu a ku Kasiya: kodi chimenechi chipirira Okutobala, chigwira magetsi atathima, ndipo mtsikana wa satifiketi ya Fomu 4 wophunzitsidwa sabata zingapo achiwerenga molondola? Zambiri mwa izo zidakali m'malabotale. Kapepala ka golide kanapambana chifukwa kanayankha inde pa mafunso onsewa.

Pansi pa minda ya Kasiya pali chinthu china chokhudza nkhaniyi. Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inalengeza mu 2022 kuti dothi la kumeneko, lokwana matani 1.8 biliyoni, lili ndi miyala ya rutile yochuluka kuposa malo ena alionse odziwika padziko, pamodzi ndi graphite, ndipo mu 2023 kampani ya Rio Tinto inagulamo masheya. Graphite ndi mwala wakuda uja wa mu pensulo. Mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov ku Manchester anasenda graphite ndi selotepi mpaka kutsala kakhungu ka atomu imodzi, kotchedwa graphene, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2010. Mu 2020 akatswiri a ku South Korea anamata ma antibody pa graphene n'kupanga kachipangizo kozindikira korona ndi kusintha kwa magetsi. Tisadzinamize kuti mgodi ukatsegulidwa zoyezera zidzamera pa Kasiya. Graphite wa mu mgodi amapita ku mabatire ndi ku ng'anjo za zitsulo, ndipo wofunika pa choyezera ndi wochepa kwambiri. Chodula m'kapepala ndi luso lopanga ma antibody, lomata, loumitsa ndi loyesa ngati zikunena zoona.

Luso limenelo lidakali kunja. Zoyezera HIV zimene zipatala zathu zimadalira zimachokera kutsidya kwa nyanja ndipo zambiri zimagulidwa ndi ndalama za abwenzi akunja. Mu 2020 mayiko olemera anayamba adzigulira okha zoyezera korona, ife n'kumadikira zotsala. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake, tinakumbutsidwa kuti antchito ambiri oyeza magazi ndi onyamula makhadi pa njinga zamoto malipiro awo amachokera kumeneko. Senegal inaona kale vuto lodalira zoyezera zakunja n'kuchitapo kanthu: mu Novembala 2020 Institut Pasteur ya ku Dakar inatsegula fakitale ya diaTROPIX yopanga timapepala toyezera. Malawi ali ndi mayunivesite a MUST ku Thyolo, KUHeS, LUANAR ku Bunda, ndi malo ofufuzira zaulimi a Chitedze pa msewu wa ku Mchinji, pakhomo penipeni pa dera lino. Ngati kupanga zoyezera za anthu kuli kutali chifukwa cha malamulo ake okhwima, poyambira palipo pa ziweto ndi mbewu.

Pamenepo ndi pamene dera lino likuyezabe ndi maso. Nkhuku zikayamba kuwodzera ndi kupotoza makosi timati chitopa chafika, ndipo khola limakhala litatha kale. Nkhumba zikayamba kufiira m'makutu ndi kukana kudya timati chigodola, nthenda ya vayirasi yopanda mankhwala. Kuti zitsimikizike, magazi kapena kapamba ziyenera kupita ku labotale ya ziweto ku Lilongwe, ndipo boma limatseka misika yankho litabwera. Koma mlimi sadikira. Nkhumba yoyamba ikafa, zotsalazo amazipha usiku womwewo kuti apulumutseko ndalama ya fetereza, ndipo m'mawa nyama ili pa njinga kupita pa chiwaya pa Nsaru kapena pa Mpingu, kachirombo n'kulowa m'midzi ina isanu. Timapepala toyezera chigodola ndi dontho la magazi tinapangidwa kale ku Ulaya ndipo timapereka yankho pasanathe theka la ola. Sitinafike pokhala m'chikwama cha mlangizi wa ziweto aliyense, ndipo ngakhale titafika, mlimi sadzamuitana mlangiziyo ngati akudziwa kuti mizere iwiri itanthauza kukwirira nkhumba zake zonse popanda chipepeso.